Kuyabwa kwa Kolorokwini

Tabwerani kuno nonse awiri, ndipo foniyo ikhale pansi. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikukumvani mukukangana pabalazapo. Iwe Tadala ukuti aphunzitsi ako a bayoloje akuti zamoyo zimasintha m'mibadwomibadwo, evolushoni yakoyo, ndipo ibwera pa mayeso a Fomu 4. Iwe Yamikani ukuti ndi bodza, iweyo sunachokere kwa nyani. Za nyanizo ine sindikudziwa, kunalibe ine, ngakhale kuti mmene umakwerera mango a aneba zimandipatsa maganizo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Koma pali chamoyo chimodzi chimene chinasintha ine ndikuona, ndipo chinandipeza m'nyumba mwanga momwe. Ndi nkhani ya azakhali anu a Nelia, amene mumawaona akuyenda mokoka mwendo, dzanja lamanja lili pachifuwa, mawu akutuluka amodziamodzi. Sanabadwe choncho, ana inu. Bambo anu sangakuuzeni bwino chifukwa nthawi imeneyo anali kumsana.

Tisanabwere kuno ku Machinjiri tinkakhala ku Ndirande, ku Goliyo, m'nyumba ya zipinda ziwiri yoyang'anana ndi ngalande. Kutsogolo kwake ndinali ndi okala. Inu mukamva okala mumaganiza za masiku anozi zokhala ndi firiji ndi mayunitsi a foni. Yanga inali bokosi la matabwa, denga la migolo yosula, ndi kawindo kokwana mutu umodzi. Ndinkagulitsa palafini wa m'koloboyi, machesi, sopo wodula ndi ulusi, shuga wokulunga m'nyuzipepala, mafuta ophikira oyeza ndi kachitsekerero ka botolo. Ku Ndirande kunalibe chinthu chogulidwa chathunthu. Ndudu imodzi, theka la buledi, supuni ya majarini. Munthu akabwera kudzagula paketi yonse ya shuga tinkayamba tamufunsa kuti wamwalira ndani.

Mankhwala nawonso chimodzimodzi. Pashelefu yapamwamba panali botolo lalikulu la kolorokwini, mankhwala a malungo a nthawi imeneyo. Inu mumadziwa LA, mibulu yachikasu ija imene mumaikwinyira nkhope mpaka amayi anu achite kukugwirani mphuno. Simunalawe kolorokwini inu. Kuwawa kwake kunkagona pakhosi mpaka mawa lake, ukati umwe tiyi, tiyinso akumveka kolorokwini. Ana tinkawabisira m'nthochi, koma mwana wa ku Ndirande ankameza nthochi n'kulavula mbulu.

Ndiye panali kuyabwa. Anthu ambiri akamwa mankhwala amenewa thupi lonse linkayabwa, m'manja, kumapazi, kumsana kosafika dzanja. Unkapeza bambo wolemekezeka, mkulu wa mpingo, akudzikhula pangodya ya nyumba ngati mbuzi. Tonse m'dera lathu tinkadziwa tanthauzo lake: malungo akutuluka. Amene anayambitsa mawu amenewa sindikumudziwa, koma amene anawafalitsa kwambiri ku Goliyo ndi amene mukumuyang'anayu. Dozi yonse inali ya masiku atatu. Koma ndani angamwe masiku atatu chinthu chowawa, choyabwa, pamene wayamba kale kupezako bwino? Munthu ankagula mibulu iwiri kapena inayi, n'kumwa, n'kudikira. Akangoyamba kukanda, basi wachira. Ikatsala ankaimanga pansonga ya chitenje kusungira wina wodzadwala.

Anthu anayamba kunditchula kuti Adokotala. Poyamba zinali zoseka, koma dzina likakoma umayamba kuliyendera. Ndinagula shati yoyera. Mayi akabwera ndi mwana wotentha thupi ndinkatulutsa dzanja pakawindo paja, n'kumugwira mwanayo pachipumi, n'kuyang'ana kudenga pang'ono kuti zioneke kuti ndikuganiza. Kenako n'kupereka zomwezo zimene ndinapatsa wa dzulo. Musaseke, zinkathandiza. Zaka zoyambirira zija kolorokwini analibe mnzake. Munthu wonjenjemera Lolemba unkamuona Lachitatu akuthamangira kuntchito ku mafakitale, akukanda koma ali moyo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankanditchula Adokotala. Anali Che Jafali a ku Mbayani, amene ankagwira ntchito ku labu ya chipatala chachikulu, kuyang'ana magazi a odwala pa makina oonera tizilombo. Mlongo wawo anakwatiwa moyandikana nafe, ndiye Lamlungu lililonse ankadutsa pa okala panga, kofia kumutu, njinga akuikankha, chifukwa misewu ya ku Goliyo nthawi yadzinja njinga ndi imene inkakwera munthu. Tsiku lina anandipeza ndikukulungira mayi wina mibulu iwiri.

"Achimwene, mankhwalawo mukugulitsa ngati ndudu?"

"Che Jafali, munthu amagula zimene thumba lavomera."

"Ndamva. Koma ku labu kwathu tikuona zachilendo masiku ano. Munthu wamwa dozi yonse, fulu, tikamuyezanso tizilombo tili phee, tikungotiyang'ana. Kale sizinkatero. Mwana akapanda kusintha pofika mawa lake muzimutumiza kuchipatala, osamuwonjezera mibulu."

"Akayabwa ndiye kuti agwira," ndinatero ine.

Che Jafali anagula machesi, n'kumapita. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine tsiku limenelo ndinauza agogo anu aakazi kuti anthu a ku labu amachita nsanje ndi mabizinesi a anzawo.

Nelia nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankalankhula kuposa wailesi. Iwe Tadala anthu amati ndiwe wolongolola, koma ukanakumana naye ukanapempha tchuthi. Nyimbo zonse za kwaya ya amayi ake ankazidziwa, ndipo ankawakonza akalakwitsa. Ankakwera pa kreti m'okala muja n'kumafunsa makasitomala chifukwa chake abwera osasamba. Aphunzitsi ake a Sitandade 1 anatitumizira uthenga kuti mwanayu ndi wanzeru, koma tizimukumbutsa kuti m'kalasi mphunzitsi amakhala mmodzi. Ndinkamukonda kwambiri mwana ameneyu, ndipo sindinkabisa.

Chaka chimenecho mvula inachuluka. Mtsinje wa Nasolo unadzaza, ngalande yathu ija inasanduka dziwe, udzudzu n'kumayamba ntchito dzuwa lisanalowe n'komwe. Maneti analipo, koma m'masitolo a m'tauni, a anthu ovala mataye. Ife tinkafukiza masamba a bulugamu mpaka tonse m'nyumba tikutsokomola, udzudzu uli panja kudikira kuti utsi uthe. Koyilo wothamangitsira udzudzu tinkamuthyola patatu, nayenso ndinkagulitsa zidutswa. Inu lero amakupatsani maneti aulere ku sikelo, ndipo dzana ndaona neti ina itatchinga dimba la mpiru kumtundaku. Mpiru umenewo sudzadwala malungo.

Lolemba lina m'mawa Nelia anakana phala. Thupi linali moto. Ndinatsitsa botolo lija, ndipo popeza anali mwana wanga ndinamuyambitsa dozi yonse, masiku atatu osadumphitsa, mmene zinalembedwera pa botolopo. Mukuona, ana inu, zoyenera ndinkazidziwa. Ndinkangozisungira a m'nyumba mwanga.

Lachiwiri anayamba kukanda. Anakanda mpaka miyendo inachita mizere yoyera, ndipo ine mtima unakhala pansi. Lachitatu anadyako pang'ono, n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo. Lachinayi thupi linatenthanso kuposa poyamba.

"Bambo a Nelia, tiyeni naye kuchipatala mwanayu," anatero agogo anu aakazi.

"Simukuona mmene akukandira? Akutuluka amenewo."

"Akutuluka kuyambira Lachiwiri? Alipo angati?"

"Mayi a Nelia, mankhwala m'dera lino amagulitsa ndine."

Chimene sindinawauze n'chakuti ndinkachita manyazi. Pamzere wa kuchipatala chathu chaching'ono pankakhala amayi omwewo amene ankabwera pakawindo panga. Ndiye Adokotala akaime pamenepo ndi shati yawo yoyera, mwana wawo atawakanika? Mawa lake ndikanayang'ana ndani? Ndinayambitsa dozi yachiwiri. Lachisanu Nelia anagona tsiku lonse osalankhula. M'nyumba munali zii, zimene sizinachitikepo chibadwire iye, ndipo ine ndinauza amayi ake kuti mwana akupuma.

Loweruka masana, ndikuyezera kasitomala mafuta, ndinamva agogo anu akukuwa dzina langa lenileni, limene chikwatirane sanalitchulepo. Ndinapeza Nelia ali pamphasa, thupi lonse likugwedezeka, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Ndinamunyamula n'kuyamba kuthamanga. Okala ndinaisiya chitsegulire, ndipo ndiyenera kuwayamikira a ku Goliyo, tsiku limenelo sipanasowe ngakhale switi.

Mayendedwe a nthawi imeneyo sanali ngati lero kuti ukangoima pamsewu makondakitala atatu akukulimbirana, wa kabaza akuliza belu kumbuyo. Basi inkabwera ikafuna. Tinathamanga wapansi mpaka kumsika, agogo anu ali pambuyo panga opanda nsapato, bambo anu akulira kumsana kwawo. Amene anatichitira chifundo anali dalaivala wa lole ya mchenga. Tinakwera pamwamba pa mchengawo, ine nditamukumbatira Nelia, ndikumuitana dzina njira yonse. Sanayankhe. Ndinachita mantha, ana inu, mantha amene sindinawamveponso mpaka lero, ndipo ndinkadziwa kale kuti wolakwa ndani.

Kuchipatala chachikulu anamubaya chala, n'kumuika padiripi ya kwinini. Anati ndi malungo a mu ubongo. Namwino anafunsa kuti mwanayu wadwala masiku angati. Ine ndinati awiri. Agogo anu anati asanu ndi limodzi, maso awo ali pa namwinoyo, osanditembenukira.

Anagona chikomokere. Lolemba Che Jafali anandipeza nditakhala pansi kunja kwa wodi ya ana. Sananene kuti ndinakuuzani. Akanatero zikanandithandiza, ndikanapeza womukwiyira. Anangoti, "Tabwerani mudzaone," n'kunditengera ku labu kwawo. Anatenga kagalasi kopaka magazi a Nelia, a tsiku limene tinafika lija, n'kukaika pa makina aja, n'kundiuza kuti ndisuzumire. Poyamba ndinkangoona nsidze zanga. Kenako ndinayamba kuona tinthu tozungulira totuwa tambirimbiri, ndipo m'kati mwa tambiri munali kanthu konga mphete yokhala ndi kadontho.

"Timphete timeneto ndi tizilombo ta malungo," anatero. "Mwanayu wamwa kolorokwini wochuluka bwanji?"

"Dozi imodzi ndi theka."

"Ndiye onani mmene tadzazira. Tizilomboti sitinamve mankhwalawo n'komwe."

"Koma anayabwa, Che Jafali. Anakanda mpaka kudzisupula."

"Kuyabwako ndi nkhani ya mankhwala ndi khungu, achimwene. Ngakhale ine wopanda malungo nditamwa lero ndikhoza kuyabwa. Tizilomboti sitikudziwa n'komwe kuti mwana akukanda."

Ndinafunsa ngati mwina botolo langa linali la mankhwala osukuluka, chifukwa ndinkafunitsitsa kuti wolakwa akhale wina. Anati ayi, ngakhale a m'chipatala momwemo akulephera chimodzimodzi. Mankhwala ndi omwe aja, chimene chasintha ndi tizilombo. Anandifotokozera motere, ndipo iwe Tadala umvetsere, chifukwa buku lakolo likunena zomwezi koma ndi Chingerezi chambiri. Tizilombo timaswana mofulumira, tosawerengeka, ndipo ana ake safanana ndendende, monga inu awiri simufanana ngakhale muli a mimba imodzi. Mwa tosawerengekato, nthawi ina kamodzi kamabadwa mwangozi kali ndi thupi loti kolorokwini sakapweteka. Sikanaphunzire, sikanachite khama, kanangobadwa choncho. Kukakhala kulibe mankhwala, kameneko n'kachabechabe pakati pa anzake. Koma dziko lonse likamamwa kolorokwini, wa mutu, wa chimfine, wa kutopa, wa matsire, tofooka tonse timafa n'kutsala kolimbako. Udzudzu umakatenga n'kupita nako kwa aneba, kumeneko n'kukaswa ana olimba ngati iko komwe. Pakapita zaka, pafupifupi mtundu wonse umakhala zidzukulu za kameneko.

"Ndiye ndapanga ndine?" ndinafunsa.

"Musadzikweze, achimwene. Akuti tolimbato tinachokera kutali, kutsidya kwa nyanja, tinabwera m'magazi a anthu apaulendo. Inu ndi anzanu a maokala, ndi tonse amene tinkagawa mankhwalawa mwachisawawa, tangotilimira munda. Chanuchanu inu ndi masiku asanu ndi limodzi aja."

Munthu ameneyu kunyengerera sankakudziwa.

Nelia anatsegula maso Lachitatu. Tinathokoza Mulungu, ndipo mpaka lero ndimathokoza, chifukwa m'wodi imene ija ena anatuluka ndi mwana wokulungidwa m'chitenje. Koma anatiyang'ana osatizindikira. Dzanja lamanja silinkagwira, mwendo unkakokeka, ndipo mawu onse aja, nyimbo zonse zija, zinatsala kumene anapitako. Panatha chaka kuti anenenso kuti "amayi". Kusukulu sanabwerereko.

Botolo lija ndinakalitaya m'chimbudzi, shati yoyera inasanduka chokolopera. Anthu anapitiriza kubwera pakawindo kufuna mibulu iwiri, ndipo ndikawauza kuti apite kuchipatala ankanyanyala n'kukagula kwa mnzanga wa kuseri. Ena ankati Nelia analodzedwa ndi anthu ansanje. Ena, amene ankandimwetulira m'mawa uliwonse, ankati ndinachita kumukhwimira ineyo kuti bizinesi iyende. Zimenezo zinandipweteka kwambiri. Komanso ndikanakhala kuti ndinakhwima bwenzi pano ndili ndi sitolo ku Limbe, osati nkhuku zisanu ndi zidzukulu zokangana. Agogo anu sanazilabadire zimenezo. Ankangomubereka Nelia, msinkhu umene uja, kupita naye kochita mafizo kawiri pa sabata.

Patapita nthawi boma linachotsa kolorokwini n'kubweretsa fansida, womwa kamodzi basi. Anthu anadandaula kuti mankhwala osawawa, osayabwa, angachize bwanji munthu. Fansida anagwira zaka zake, kenako nayenso anayamba kulephera. Anthu ankati tizilombo tamuzolowera, koma ine ndinali nditadziwa kale kuti si kuzolowera, ndi kutsala kwa tolimba. Ndiye kunabwera LA wanuyu. Mankhwala atatu m'moyo wa munthu mmodzi, Yamikani, ndipo mdani wake ndi mmodzi yemweyo, akungosintha mibadwo. Ine kutchalitchi ndimapita, mumandiona, ndipo sindinaonepo kuti zimenezi zikulimbana ndi Mulungu wanga. Za nyani ukafunse aphunzitsi a Tadala, ndamva kuti ali ndi mafupa akale ndi maumboni ena amene amaonetsa. Ine wanga ndi umene ndinausuzumira pa makina aja. N'chifukwa chake mukatentha thupi ndimakuthamangitsirani kokayezetsa tsiku lomwelo, ndipo mibulu ndimaima pomwepo mpaka womaliza walowa. Mumati agogo ndi ovuta. Ndine wovuta ndithu.

Che Jafali ndinadzakumana nawonso patapita zaka zambiri, ife titasamukira kale kuno. Mlongo wawo uja anamwalira, ndiye ndinapita ku Goliyo kukakhuza. Che Jafali anali atapuma pantchito, ndevu zili mbuu, njinga atasiya. Titachoka kumanda tinakhala pabenchi, ndipo anandigwira bondo.

"Achimwene, mwamva za mnzanu uja?"

"Mnzanga uti?"

"Kolorokwini. Anthu a kafukufuku ayeza ana konkuno ku Ndirande. Akuti wayambanso kugwira ntchito bwinobwino."

Ndinaganiza kuti ukalamba wawasokoneza. Koma anati ndi nkhani yomwe ija, yangotembenuka. Kulimba kuja ndi katundu, kachilombo kolimba kamatsalira pang'ono pa kuswana poyerekeza ndi anzake. Nthawi imene tonse tinkamwa kolorokwini katunduyo ankakapulumutsa. Mankhwala atachotsedwa m'dziko muno, tofooka tija tinayambanso kuchuluka, chaka ndi chaka, mpaka tinapitirira tolimba. Ndinafunsa ngati ndiye kuti awabweza mankhwalawo m'zipatala. Anati ayi, tolimba tikadalipo kwina, akangowabweza mwachisawawa tidzadzukanso. Anati m'moyo wawo wonse wosuzumira magazi sanaganizepo kuti adzaona chinthu chikupita n'kubwerera.

Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma m'minibasi yobwerera kuno ndinali wosangalala. Zinali ngati mnzanga wakale wapezeka wosalakwa kukhoti, ndipo mwina inenso pang'ono. Nditafika ndinapeza agogo anu akuchapa kuseri, ndipo ndinayamba kulankhula ndisanavule n'komwe jekete.

"Mayi a Nelia, mwamva? Akuti kolorokwini wayambanso kugwira. Tizilombo tija tabwerera mmene tinalili kale."

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kufikisa kolala ya malaya.

"Tabwerera?"

"Eya, Che Jafali andiuza okha."

"Chabwino. Ndiye kamuuzeni mwana wanu."

Nelia anali pakhonde, mayi wamkulu tsopano wa zaka makumi awiri ndi zina, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba ndi dzanja lamanzere. Ndinapita n'kuima patsogolo pake. Anadzutsa maso, n'kumwetulira mbali imodzi ija imamwetulira, n'kuyamba kufunafuna mawu. Ndinadikira. Anawapeza patapita kanthawi.

"Aba-ba. Kha-la-ni."

Anasendeza mwendo wake uja ndi dzanja kuti andipatse malo pamphasa. Ndinakhala. Anandikankhira lichero kuti likhale pakati pathu, ndipo tinasankha nyemba mpaka zinatha. Sindinamuuze tsiku limenelo, ana inu, ndipo mpaka lero sindinamuuze.